Mutu 12: Nsolo, Drafuti ndi Tchesi m'Laibulale ya m'Komboni

Masewera a pathabwa si achilendo m'makomboni a mu Lusaka. Pamsika ku Chawama, pamalo okwerera maminibasi ku Kanyama, pakhonde la shopu ku Matero kapena pansi pa mtengo ku George, mupeza anthu atazungulira thabwa la drafuti. Amasewera ndi zitsekerero za mabotolo, wina zake zili chafufumimba, mnzake zili chagada, kuti zisasokonezeke. Penanso mupeza nsolo, timiyala tikuyenda dzenje ndi dzenje, oonerera akutsatira dzanja lililonse ndi maso.

Koma amene amakhala pamabenchi amenewa ndi abambo ndi anyamata akuluakulu. Malo ena ayandikana ndi pomwera mowa, ndipo pena pambali pa thabwa pamakhala ndalama. Mtsikana wa zaka 10 sangapemphe malo pamenepo, mnyamata wamng'ono amangoonera chapatali, ndipo kholo lanzeru silingatume mwana wake kukaphunzira masewera pamalo otero. N'chifukwa chake laibulale ili ndi ntchito pankhaniyi. Ndi malo amene mwana aliyense angakhale pansi, kupatsidwa thabwa, n'kusewera popanda womuthamangitsa kapena womuuza kuti aikepo kobiri. Funso ndi lakuti, ndi ndalama zochepa zimene malaibulale athu amakhala nazo, ndi masewera ati oyenera kuwaika pashelefu?

Malaibulale ndi ana amene amafikako

Bungwe la boma loyang'anira malaibulale, la Zambia Library Service, linayamba mu 1962. Khonsolo ya mzinda wa Lusaka ili ndi laibulale yake m'tauni, ndiponso nthambi ku Matero, ku Chilenje ndi ku Mtendere. Bungwe la Lubuto, limene linayambitsidwa ndi Jane Kinney Meyers, linatsegula laibulale yake yoyamba ya ana ndi achinyamata mu 2007 ku Fountain of Hope ku Kamwala, ndipo yachiwiri mu 2010 pa sukulu ya Ngwerere ku Garden. Kuwonjezera pa amenewa, pali timalaibulale tating'ono ta m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'mabungwe a achinyamata, tina tongokhala ndi kabati imodzi ya mabuku.

Chiyambireni maphunziro aulere mu January 2022, ana achuluka kwambiri m'masukulu a boma. Masukulu ambiri amaphunzitsa mosinthana, ena m'mawa, ena masana. Motero mwana wa ku Kalingalinga kapena ku Kanyama amakhala ndi theka la tsiku lopanda sukulu, makolo ali ku ntchito kapena ku msika. Si ana onsewa amene amawerenga bwino. Mwana amene kuwerenga kumamuvuta amaopa chipinda chodzaza mabuku, koma thabwa la masewera salichitira manyazi. Akazolowera kubwera chifukwa cha ludo, tsiku lina dzanja lake lidzafika pa buku la zithunzi limene lili pafupi.

Kubwereketsa masewera si nzeru ya dzulo. Mu 1935, nthawi ya umphawi waukulu ku America, ku Los Angeles kunayamba ntchito yobwereketsa ana zoseweretsa monga mmene timabwerekera mabuku. Inayamba anthu atazindikira kuti ana ena ankaba tizoseweretsa m'sitolo chifukwa kwawo kunalibe ndalama zogulira. Lero ku France kuli nyumba zambiri zobwereketsa masewera, ndipo ku South Africa bungwe la Cotlands limagwira ntchito yotereyi pakati pa ana a m'madera osauka.

Chidutswa chikasowa, masewera atha kapena apitirira?

Buku likang'ambika tsamba limodzi limawerengekabe. Masewera ambiri a m'mabokosi sali choncho. Khadi limodzi likasowa, bokosi lonse lasanduka katundu wongodzaza shelefu. Ndipo m'laibulale ya ana zidutswa zimasowa ndithu. Zimagwera m'ming'alu ya simenti, zimapita kunyumba m'thumba la yunifomu mwangozi, zina amazisesa pamodzi ndi fumbi. Uku si kuipa mtima kwa ana ayi, ndi mmene zimakhalira chinthu chikamagwiridwa ndi manja ambiri.

Choncho woyang'anira laibulale asanayang'ane mtengo kapena kukongola kwa bokosi, adzifunse kuti: kanthu kamodzi kakasowa muno, ndingakapeze kuno komwe lero lomwe? Ngati yankho ndi mwala, njere, batani la malaya kapena chitsekerero cha botolo, masewerawo adzakhala zaka zambiri. Ngati yankho ndi khadi losindikizidwa kunja kwa dziko, ayambe waganiza kawiri. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Mafunso ena amatsatira limeneli. Kodi malamulo ake angafotokozeke m'Chinyanja m'mphindi zochepa? Kodi masewera amodzi amatha nthawi yaitali bwanji, poti mwana ali ndi ola limodzi asanapite kukatunga madzi kapena kukalowa m'kalasi? Nanga akhala pansi ndi angati, awiri kapena anayi? Kodi wogonja amatuluka n'kumangoonerera anzake, kapena onse amafika kumapeto limodzi?

Nsolo ikhale yoyamba

Nsolo imayankha bwino pafupifupi mafunso onsewa. Ili m'banja lalikulu la masewera ofesa njere m'maenje, amene amaseweredwa m'mayiko ambiri a mu Africa. Ku Malawi kuli bawo ndi nchuwa, ku Zimbabwe tsoro, ku Uganda omweso, ndipo ku Zanzibar bao. Thabwa lake limakhala ndi mizere inayi ya maenje, aliyense mizere yake iwiri. Wosewera amatola miyala ya m'dzenje limodzi n'kumaponya umodziumodzi m'maenje otsatira, kuzungulira mbali yake. Mwala womaliza ukagwera pamene pali miyala ina, amatolanso yonse n'kupitiriza. Ukagwera m'dzenje lopanda kanthu la mumzere wam'kati, moyang'anizana ndi miyala ya mnzake, wadya. Malamulo ang'onoang'ono amasiyana dera ndi dera, ndipo kutalika kwa mizere nakonso kumasiyana.

Mwana amene akusewera nsolo amawerenga osadziwa kuti akuwerenga. Kuti adziwe pamene mwala wake womaliza ugwere, ayenera kuwerengera maenje m'mutu dzanja lisananyamuke. Akakula pang'ono amayamba kuona patsogolo kawiri kapena katatu, kuti ndikafesa apa ndikathera apo, ndipo mnzangayu adzandidya pati. Masewerawa safuna chilankhulo, choncho mwana wolankhula Chibemba, Chitonga kapena Chilozi amakhala ndi mnzake wa Chinyanja popanda womasulira. Mwana wosamva amasewera mofanana ndi anzake, ndipo wosaona bwino angathe kufufuza maenje ndi zala.

Thabwa la nsolo sililira ulendo wa ku sitolo za m'tauni. Akalipentala a m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga, amene amapanga mabedi ndi zitseko, angathe kulisema, ndipo ndalamayo imatsala m'komboni momwemo. Laibulale imene ili ndi bwalo ingathenso kuumba maenje pasimenti panja. Kumene kuli mabanja ochokera ku Chipata, ku Katete kapena ku Malawi, ndi bwino kuikapo ndi bawo. Ilo lili ndi maenje 32 ndi nkhomo 64, ndipo malamulo ake ndi ozama kuposa a nsolo, chifukwa zimene wadya sizichoka pathabwa koma umazifesanso kumbali yako. Achinyamata amene nsolo yayamba kuwapepukira amapeza pamenepa poyesera nzeru zawo.

Drafuti ndi tchesi pathabwa limodzi

Thabwa la mabokosi 64, asanu ndi atatu mbali iliyonse, limagwira ntchito ziwiri. Pa drafuti aliyense amayamba ndi zitsekerero 12, pa tchesi aliyense ndi zidutswa 16. Kulinso drafuti ya thabwa lalikulu la mabokosi 100, ya zitsekerero 20 mbali iliyonse, imene imaseweredwa m'mipikisano ya mayiko. Chofunika pa drafuti n'kugwirizana malamulo a pamalopo ndi kuwalemba pakhoma, makamaka ngati kudya chambuyo n'kololedwa ndiponso mmene kingi amayendera, chifukwa mikangano yambiri imabukira pamenepa.

Tchesi ili ndi mbiri yonyaditsa m'dziko muno. Amon Simutowe, amene anabadwa mu 1982, anakhala katswiri wa dziko lonse la Zambia akadali mnyamata, ndipo mu 2009 anakhala munthu woyamba wa kumwera kwa chipululu cha Sahara kulandira ulemu wa grandmaster, umene ndi wapamwamba kwambiri pamasewerawa. Ku Uganda, Phiona Mutesi anaphunzira tchesi ku Katwe, komboni ya mu Kampala yofanana kwambiri ndi zathuzi, pansi pa mphunzitsi Robert Katende. Anafika poimira dziko lake kunja, ndipo mbiri yake inatuluka m'filimu ya Queen of Katwe mu 2016. Atsikana a ku Mtendere ndi ku George ayenera kuimva mbiri imeneyi.

Komabe tisalonjeze makolo zimene tchesi singachite. Kafukufuku wamkulu amene bungwe la Education Endowment Foundation linatulutsa ku England mu 2016 anapeza kuti ana a pulayimale amene anaphunzitsidwa tchesi sanapose anzawo pa mayeso a masamu. Phindu la tchesi lili pena. Imaphunzitsa mwana kukhala pansi, kuganiza asanagwire, kuvomera kugonja ndi kugwirana chanza ndi amene wamugonjetsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako kumaphunziridwa.

Pogula tchesi, sankhani zidutswa zapulasitiki zolimba ndi thabwa lopinda ngati mphasa, zimene zimagwiritsidwa ntchito m'mipikisano ya masukulu. Gulani maseti onse a mtundu umodzi ndi msinkhu umodzi. Mukatero, seti imodzi ikaperewera imasanduka nkhokwe yokonzera anzake onse. Tchesi yagalasi kapena tizidutswa tating'ono ta maginito ndi zokongola m'nyumba ya munthu, koma m'laibulale sizikhalitsa. Ndipo tchesi imafuna mphunzitsi. Popanda munthu wobwera ngakhale Loweruka lokha kudzaonetsa mmene hatchi imadumphira, maseti aja adzangogona m'kabati.

Za ana aang'ono

Ana a zaka 4 mpaka 8 amafuna masewera a dayisi, amene mwayi umathandiza wamng'ono kugonjetsa wamkulu. Ludo inachokera ku masewera akale a ku India otchedwa pachisi, ndipo inalembetsedwa ku England m'zaka za m'ma 1890. Imakhazika ana anayi pathabwa limodzi, aliyense ndi tizidutswa tinayi, ndipo mabatani a mitundu inayi amalowa m'malo mwa totayika. Masewera a njoka ndi makwerero nawonso anachokera ku India. Ali ndi manambala kuyambira 1 mpaka 100, ndipo mwana amayenda nawo akuwatchula.

Apa pali umboni wolimbikitsa. Mu 2008, Geetha Ramani ndi Robert Siegler a ku America anasonyeza kuti ana a m'mabanja osauka a msinkhu wa sukulu ya mkaka, atasewera kangapo masewera osavuta a manambala 1 mpaka 10 oikidwa pamzere, anayamba kuzindikira bwino manambala ndi kudziwa kuti yaikulu ndi iti. Anzawo amene anasewera thabwa lofanana koma la mitundu chabe sanapindule motero. Thabwa lotere silifuna kugula. Katoni, cholembera ndi dzanja la mphunzitsi wodzipereka n'zokwanira. Chenjezo ndi limodzi: ana ambiri amabwera atabereka ang'ono awo, ndipo khanda limaika m'kamwa chilichonse. Tizidutswa ta masewera a ana aang'ono tikhale tatikulu moti sitingamezedwe.

Mabokosi ochokera kunja

Zina mwa mphatso za masewera zimene malaibulale amalandira zimakhala Scrabble ndi Monopoly. Scrabble ndi yothandiza kwa ana a sekondale amene akulimbana ndi Chingerezi, ndipo Africa inaonetsa kale mphamvu zake pamene Wellington Jighere wa ku Nigeria anapambana mpikisano wa dziko lonse ku Perth mu 2015. Koma ili ndi timatabwa ta zilembo 100, ndipo pafunika kutiwerenga nthawi iliyonse. Pafunikanso dikishonale pambali yothetsera mikangano. Zilembo zake anaziwerengera Chingerezi: E alipo 12, K mmodzi yekha, M awiri, ndiponso muli Q ndi X amene Chinyanja sichiwagwiritsa ntchito. Laibulale yofuna kuti ana azisewera ndi mawu a chilankhulo chawo ingadule timatabwa take, n'kuchulukitsa A, K, M, N ndi U. Ntchito yowerenga zilembo za m'tsamba la buku la Chinyanja kuti adziwe zochuluka ndi ziti, anawo angaigwire okha, ndipo aphunzirapo zambiri.

Monopoly, imene kampani ya Parker Brothers inayamba kugulitsa mu 1935, ndi yovuta kuisunga. Ndalama zake ndi zamapepala, makhadi ake ndi a Chingerezi, tinyumba take ndi tating'ono, ndipo mayina a misewu ndi a ku London kapena ku Atlantic City. Imatenga maola, ndipo amene ndalama zamuthera amatuluka n'kusiya anzake akusewera. Ikabwera ngati mphatso, ilandiridwe ndi manja awiri ndipo iziseweredwa pamalopo masiku a holide. Koma ndalama ya laibulale isapite kumeneko nsolo ndi drafuti zisanakwane. Ndi bwinonso kuuza opereka mphatso mwaulemu zimene mukufuna asanatumize, ndi kutsegula bokosi lililonse kuti muone ngati zonse zilimo.

Makhadi ndi nkhawa ya njuga

Mashopu a kubetcha achuluka m'makomboni, ndipo mafoni abweretsa kubetchako mpaka m'nyumba. Makolo ambiri ndi mipingo ina akaona makhadi amaona njuga, ndipo nkhawa yawo ili ndi maziko. Laibulale isalimbane nawo. Lamulo loyamba, lolembedwa poonekera, likhale lakuti pano sitisewera pa ndalama, pa chakudya, ngakhale pa pensulo. Makhadi wamba a 52 aja angadikire mpaka makolo ndi komiti ya laibulale atakambirana. Alipo makhadi ena a zithunzi ofananiza ziwiriziwiri, a nyama kapena a zilembo, amene sadetsa nkhawa munthu aliyense. Kholo likadziwa kuti mwana wake ali pamalo pamene ndalama siilowa m'masewera, ndi lomwe lidzamukumbutsa kuti nthawi ya ku laibulale yakwana.

Mvula, fumbi, kolera ndi magetsi

Ku Kanyama madzi a pansi ali pafupi ndipo mvula ikagwa yambiri amalowa m'nyumba. Bokosi la katoni likanyowa kamodzi latha. M'chilimwe fumbi limalowa paliponse. Masewera azisungidwa m'mabokosi apulasitiki otseka bwino, pashelefu yapamwamba. Zidutswa zizikhala m'timatumba ta chitenje tomanga ndi chingwe, timene telala aliyense angasoke ndi nsalu zotsala. Thabwa la ludo kapena drafuti lingajambulidwenso pansalu yolimba, imene imachapika ndi kupindika.

Mzinda wa Lusaka unavutika ndi kolera kuyambira mu October 2017 mpaka 2018, ndiponso mu 2023 ndi 2024, pamene masukulu anachedwa kutsegulidwa mpaka mu February ndipo bwalo la National Heroes linasanduka chipatala. Zinthu zogwiridwa ndi manja ambiri ziyenera kukhala zotsukika. Miyala, pulasitiki ndi zitsekerero zimalowa m'madzi a sopo kapena a klorini, pamene makhadi a pepala sangatero. Ndowa ya madzi ndi sopo pakhomo ndi mbali ya masewerawo.

Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, magetsi ankazima nthawi yaitali, masiku ena pafupifupi tsiku lonse. Makompyuta a m'malaibulale anali chete, mawailesi a kanema m'nyumba analinso chete. Thabwa la nsolo silidikira magetsi, limangofuna kuwala kwa pakhonde.

Kusewerera pompo kapena kupita nawo kunyumba

Masewera amabweretsa phokoso, ndipo wa Giredi 12 amene akukonzekera mayeso amafuna bata. Malaibulale a Lubuto anamangidwa motsatira kamangidwe ka kumudzi, ndi nsaka yochezeramo yosiyana ndi chipinda chowerengera. Laibulale yaing'ono ingatengerepo nzeru: masewera pakhonde kapena pansi pa mtengo, kapena pa maola ake odziwika.

Zopita kunyumba zikhale zopepuka ndi zosavuta kukonza, monga ludo ya pansalu, drafuti, ndi njoka ndi makwerero. M'nyumba ya chipinda chimodzi kapena ziwiri, masewera otere amasonkhanitsa banja lonse madzulo, ndipo mtsikana amene ntchito zapakhomo sizimulola kukhalitsa ku laibulale amapeza mpata wake. Tchesi ndi Scrabble ndi bwino kuzibwereketsa kwa magulu, monga kalabu ya pasukulu kapena achinyamata a kutchalitchi, pamene pali munthu wamkulu wosayinira. Pathumba lililonse pasokedwe kansalu kolembapo zimene zili m'katimo, ndipo wobwereka ndi wobwereketsa aziwerengera limodzi potenga ndi pobweza.

Chindapusa cha ndalama chimathamangitsa ana amene laibulale ikuwafuna kwambiri. Mwana amene wataya kachidutswa ndipo akuopa kulipitsidwa sabweza thumba lonse, ndipo iye mwini sabweranso. Ndi bwino kumuuza kuti, "Bweretsa chitsekerero china, tichipente limodzi." Akatero waphunzira kuti chinthu cha anthu onse chikawonongeka timachikonza, sitichibisa.

Amene ayenera kufunsidwa

Woyang'anira laibulale asasankhe yekha. Afunse ana zimene amasewera kale ndi zimene amalakalaka, ndipo afunse atsikana paokha, chifukwa pagulu mawu a anyamata ndi amene amamveka. Afunse aphunzitsi, makolo ndi akuluakulu a m'deralo. M'komboni iliyonse muli agogo odziwa nsolo ndi bawo amene palibe anawapemphapo kuti aphunzitse. Kuwayandikira mwaulemu n'kunena kuti, "Agogo, tabwerani Loweruka mudzationetse mmene munkasewerera kwanu," kumapatsa laibulale mphunzitsi amene ndalama sizikanamugula, ndipo malamulo a kwawoko angalembedwe m'kope kuti asatayike.

Poyambira sipafunika zambiri. Matabwa angapo a nsolo, a drafuti ndi a ludo, maseti ochepa a tchesi a mtundu umodzi, Scrabble imodzi ndi dikishonale yake, ndi chitini cha miyala, mabatani ndi madayisi apadera. Pambali pake pakhale kope lolembamo masewera amene atengedwa tsiku lililonse, msinkhu wa owatenga, ndiponso ngati ndi anyamata kapena atsikana. Chaka chikatha, kope limeneli ndilo lidzanena zoona. Ngati atsikana sakuoneka pa tchesi, pakhale tsiku lawolawo ndi mphunzitsi wamkazi. Bokosi limene likadali lonyezimira ngati latsopano lipite kumene lingakafunidwe. Thabwa limene utoto wake wafufutika ndi zala, maenje ake asalala ndipo thumba lake lasokedwa kawiri, limenelo ndilo loyenera kupangitsa lina ndalama ikapezeka.